Iwe, inu ndi Nya-: kaitanidwe ka anthu mu Mzuzu

Kondakitala wa minibasi ya ku Luwinga angoyerekeza kuuza mayi wachikulire kuti "iwe sendera uko", minibasi yonse imamuukira. Sanatukwane, koma walakwitsa mlowam'malo, ndipo kuno umenewo ndi mlandu.

Mzuzu ndi mzinda wa obwera. Unayamba cha mu 1947 pomwe kampani ya boma la Britain inatsegula minda ya mitengo ya tung yopangira mafuta, ndipo unakhala mzinda mu 1985. Ofuna ntchito anachokera ku Mzimba, Rumphi, Nkhata Bay ndi Karonga, aliyense ndi kaitanidwe ka kwawo. Chichewa chinalimba pambuyo pake. Mu 1968 boma la Kamuzu Banda linachisandutsa chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ya MBC mpaka 1994. Bala limenelo akuluakulu a kumpoto sanaliiwale. Komabe pa nkhani ya ulemu ziyankhulo ziwirizi sizinasemphane: Mchewa amati "inu" kwa munthu mmodzi, Mtumbuka amati "imwe", onse kumuchulukitsa wamkuluyo ngati ndi gulu.

Chimene Chichewa cha mu Mzuzu chinatola kumpoto n'kukana kuchibweza ndi "Nya-". Mkazi wa kwa Gondwe ndi Nyagondwe, wa kwa Jere ndi Nyajere, monga ku Dedza wa kwa Phiri amakhala Naphiri. Akwatiwe, abereke, akalambe, chiwongo cha bambo ake chimamutsatabe. Mu msika mudzamva ngakhale wobadwira ku Lilongwe akuti "a Nyachirwa, tomatoyu mukuchita bwanji?", Chichewa ndi Chitumbuka m'kamwa limodzi. Dzina lake lenileni mwina salidziwa n'komwe, ndipo kulitchula pagulu kukanakhala kumuvula.

N'chifukwa chake mkangano wa alowam'malo umene wakula ku Ulaya ndi ku America umatidabwitsa poyamba. Chingerezi chimakakamiza kusankha "he" kapena "she", ndiye anthu ena amene sadziona kuti ndi amuna kapena akazi amapempha kutchulidwa "they". Mu 2019 a dikishonale ya Merriam-Webster anasankha "they" kukhala liwu la chakacho, ndipo ku Sweden liwu latsopano loti "hen", losasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, linalowa m'dikishonale yawo mu 2015. Ife "iye" wathu safunsa ngati munthu wavala chitenje kapena buluku. Ndiponso kunena "iwo" za munthu mmodzi, kumene aphunzitsi a Chingerezi ankadula ndi cholembera chofiira, agogo athu akhala akuchita chibadwire: "abwera", osati "wabwera".

Angerezi nawo anali ndi iwe ndi inu wawo. "Thou" anali wa mwana ndi mnzako, "you" wa mabwana. A mpingo wa Quaker m'zaka za m'ma 1600 ankakana kupereka "you" kwa akuluakulu ponena kuti anthu onse ndi ofanana, ndipo ankazunzika nazo. Kenako "thou" anafa, aliyense n'kukhala inu. Ife tinasunga zonse ziwiri, moti ngakhale popemphera timati "dzina lanu liyeretsedwe".

Povuta m'pamene munthu asankha yekha. Mlamu wanga wa ku Chibavi anauza mkazi wake kuti azimutchula "iwe", akuti "inu" amamukalambitsa. Apongozi atabwera kuchokera ku Ekwendeni n'kumva zimenezo, nsima anaidya mwakachetechete, mawa lake n'kuitanitsa ankhoswe. Ine ndinaima ndi mlamuyo, poti mwini khutu ndi amene amadziwa chomukomera, ngakhale ndivomere kuti lilime langa limakanabe kunena "iwe" kwa munthu wandevu. Anagwirizana zoti apongozi akakhalapo ndi "inu", akakwera basi ndi "iwe". Mwana wawo wa zaka 4 amasokoneza zonse: agogo amawati iwe, mphaka amamuti inu.