Mwini khonsolo ndani? Mkangano wakale umene Covid-19 inauvundukula

Pa 12 Januwale 2021, mliri wa Covid-19 utabweranso mwamphamvu, Nduna ya Maboma Aang'ono a Lingson Belekanyama anamwalira tsiku limodzi ndi a Sidik Mia, nduna ya zamtengatenga. Patangopita milungu yochepa, ma DC ndi akuluakulu a makhonsolo ambiri anaimitsidwa ntchito pa nkhani ya K6.2 biliyoni yolimbana ndi mliriwu. Lipoti la ofufuza chuma cha boma litatuluka mu Epulo, zinadziwika kuti ndalama zambiri zinathera m'maalawansi, mafuta a galimoto ndi kugula katundu mosatsata malamulo. Anthu analoza zala a DC. Ochepa okha ndi amene anafunsa kuti makhansala, omwe lamulo linawapatsa ntchito yoyang'anira chuma cha khonsolo, anali kuti. Yankho lake lili m'mbiri ya makhonsolowo.

Mu 1998 dziko la Malawi linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono. Cholinga chinali choti sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono, misika, misewu ya m'midzi ndi ulangizi wa zaulimi ziziyendetsedwa ndi makhonsolo, osati ku Capital Hill. Makhansala oyamba pansi pa lamuloli anasankhidwa mu Novembala 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike, ndipo dziko linakhala zaka 9 lopanda khansala mpaka pa 20 Meyi 2014.

Zaka 9 zimenezo ndiye gwero la vuto lonse. Mpando sukhalitsa wopanda munthu. A DC anazolowera kuyendetsa boma ndi akuluakulu a nthambi popanda wowafunsa. Mu 2006 aphungu anapatsidwa thumba la chitukuko cha m'madera awo, CDF, n'kuyamba kumanga milatho ndi midadada ya sukulu, ntchito imene inayenera kukhala ya khonsolo. Kenaka mu 2010 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo: mawodi anachepetsedwa, aphungu anapatsidwa mphamvu yovota pa msonkhano wa khonsolo, ndipo kusankha DC kunaikidwa m'manja mwa nduna. Makhansala 462 atalowa mu 2014 anapeza nyumba ili ndi eni ake kale. DC amene walembedwa ntchito ndi Lilongwe amaopa Lilongwe, saopa wapampando wa khonsolo amene akudziwa kuti posachedwa adzasinthidwa.

Papepala dongosolo lake ndi lomveka. Komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, VDC, imakhala pansi ndi anthu n'kulemba zosowa zawo motsatana: mjigo, mlatho, nyumba ya mphunzitsi. Zimenezi zimapita ku ADC ya kwa mfumu yaikulu. Kuchoka apo akatswiri a nthambi zaboma ndi mabungwe, mu komiti ya DEC imene wapampando wake ndi DC, amaziwerengera mtengo n'kuziika m'pulani ya boma lonse. Khonsolo yonse ndiyo imavomereza pulaniyo ndi bajeti yake. Mafumu aakulu amakhalapo koma savota.

Pomwe zimasokonekera ndi pa ndalama. Msonkhano wa khonsolo umafuna mayendedwe ndi maalawansi, ndipo izi zimadalira kwambiri ndalama zimene khonsolo imatolera yokha: matikiti a mumsika, a pa depoti, ziphaso za malonda, ndi misonkho ya malo m'mizinda. Ndalamazi zikachepa, misonkhano ya makomiti imayamba kudumphidwa. Komiti ya zachuma ikapanda kukumana, palibe amene amatsegula mabuku a akauntanti.

Izi ndi zimene zinachitika mu 2020. Boma litalengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi pa 20 Malichi, misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa ndipo malonda anazilala. Ganizo lotseka dziko kwa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo linaimitsidwa ndi Bwalo Lalikulu, mavenda atachita kale zionetsero ku Limbe ndi ku Mzuzu ponena kuti njala iwapha matenda asanawapeze. Misika inakhalabe yotsegula, koma wotolera tikiti ankabwerera ndi buku losatha. Nthawi yomweyo ndalama za mliri zinkachokera ku nthambi yoona za ngozi, DoDMA, n'kulunjika ku makomiti a akatswiri otsogozedwa ndi DC. Njira imeneyo ndi yachangu, koma khansala imamudutsa pambali.

Komabe ntchito yeniyeni inagwiridwa kumunsi. Ndowa ya mpopi ndi sopo pa chipata cha msika ankaiyang'anira ndi a komiti ya msika. Pa maliro, nyakwawa ndi adzukulu ndiwo ankauza anamfedwa kuti mtembo usagone m'nyumba ndipo nsima isaphikidwe, mawu ovuta kuwalankhula pa siwa. Katemera woyamba atafika mu Malichi 2021, mphekesera zinali ponseponse, ndipo mu Meyi boma linatentha katemera 19,610 amene anatha nthawi. Amene anatembenuza mitima ya anthu pang'onopang'ono anali alangizi a zaumoyo oyenda ndi bokosi lozizira panjinga, ndi mafumu ndi atsogoleri a mipingo obayitsa pamaso pa anthu awo. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020, atsikana ambiri anatenga pathupi kapena kukwatiwa, ndipo owabweza m'kalasi anali magulu a amayi a pasukulu ndi mafumu monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza.

M'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba munaoneka mpata wina. Boma linakonza zopereka K35,000 pamwezi kwa miyezi 3 ku mabanja osauka kudzera pa foni. Kumudzi kalembera wotere amadutsa kwa nyakwawa ndi VDC. M'tauni, amene amadziwa nyumba ndi nyumba ndi mabuloko lida, omwe lamulo la mafumu la 1967 siliwatchula n'komwe. Dzina likasowa pamndandanda, kapena nambala ya foni ikalembedwa ya munthu wina, wodandaula ankapita kwa khansala, yemwe sanagwireko cholembera.

Makhonsolo asanapume, kolera inabuka ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, kenaka namondwe Freddy anasakaza chigawo chakummwera mu Malichi 2023. Kolera ndi matenda a khonsolo ndithu: zimbudzi za mumsika, zinyalala zosatoledwa, mjigo wofa miyezi ingapo chifukwa komiti yake ilibe ndalama ya labala. Pa nthawi yomweyo CDF inakwera kufika K100 miliyoni pa dera mu 2022, kenaka K200 miliyoni mu 2024, ndalama zodutsa mu akaunti ya khonsolo koma phungu anali ndi mawu aakulu pa ntchito yake.

Bungwe la makhonsolo la MALGA linatengera nkhaniyi kukhoti. Mu Meyi 2025 oweruza anagamula kuti kuvota kwa aphungu m'makhonsolo ndi udindo wawo pa kayendetsedwe ka CDF n'zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, popeza wopanga malamulo ndi kulondoloza ndalama sangakhalenso wozigwiritsa ntchito. Chigamulocho chinakhudza aphungu okha. Mphamvu yosankha DC inatsalabe kwa nduna, monga inaikidwira mu 2010.