Ayi, zilonda zapakhosi sizinasiye kumva mankhwala

Uthenga wina ukuzungulira pa WhatsApp kuno ku Chipata, wakuti kwabuka zilonda zapakhosi zosamva mankhwala alionse, zikalowa pakhomo zimasesa banja lonse, ndiye kupita kukiliniki n'kutaya nthawi. Ku komboni ya Mchini ndamva mayi wina akuuza mnzake zomwezi, botolo la amoxicillin wotsala lili m'manja.

Zopatsiranazo n'zoona. Bakiteriya wa Streptococcus A, tizilombo toyambitsa zina mwa zilonda zapakhosi, amayenda m'malovu: mwana akatsokomola pamphasa imene agona anayi, kapena kapu imodzi ikazungulira pachidebe cha madzi, azibale ake amatengera msanga. Bodza lili pa mankhwalapo. Tizilombo timeneti timafabe ndi penicillin ndi amoxicillin. Amene tina tayamba kukana ndi erythromycin ndi azithromycin, ndipo chikukana si thupi lanu, ndi tizilomboto.

Chondidetsa nkhawa ine ndi kugawana mankhwala. A dokotala amalemba masiku 10, mwana akangoyamba kumeza nsima tsiku lachitatu, otsalawo apatsidwa mng'ono wake. Onse awiri sanachire bwinobwino, ndipo zilondazi zikasiyidwa chonchi zimatha kudzawononga mtima wa mwana.

Wodwala akamwa mankhwala oyenera, pakatha maola 24 sapatsiranso ena. Kufikira pamenepo, kapu ndi sipuni akhale ndi zakezake.