Matchalitchi a ku Göreme ndi thanthwe lake lofewa

Anthu ambiri opita ku Göreme amakopeka ndi zithunzi za zibaluni zouluka m'mbandakucha pamwamba pa miyala yosongoka. N'zokongoladi, koma ine monga munthu wogwira ntchito yosamalira nyumba ndi zojambula zakale, ndimalangiza mlendo kuti nthawi yake yambiri aisungire matchalitchi osemedwa m'kati mwa miyalayo.

Mudziwu uli pakati pa dziko la Turkey, m'dera la Cappadocia, lomwe owerenga Baibulo amalipeza pa Machitidwe 2:9. Zaka mamiliyoni zapitazo mapiri a kumeneko ankaphulika n'kumwaza phulusa, lomwe linaunjikana n'kuuma kukhala thanthwe lofewa, losemeka ndi chitsulo wamba. M'malo ena pamwamba pake panali mwala wolimba. Mvula, mphepo ndi chisanu zinadya thanthwe lofewalo, koma pomwe panali mwala wolimba uja pansi pake panatetezeka. N'chifukwa chake mumaona nsanamira zitalizitali zokhala ngati zavala chipewa. Chipewacho chikagwa, nsanamirayo sichedwa kutha.

Kufewa komweku ndi kumene kunathandiza amonke. Moyo wawo wokhalira pamodzi, kupemphera ndi kugwira ntchito, unazika mizu kuderali ndi chiphunzitso cha Basil, bishopu wa ku Caesarea (lero Kayseri), yemwe anamwalira mu 379. Matchalitchi ambiri omwe alendo amaona ndi apambuyo pake, a zaka za m'ma 900 mpaka m'ma 1100. Amisiri ake sankaumba njerwa. Ankalowa m'thanthwe n'kumachotsa mwala mpaka patatsala chipinda, guwa ndi denga lokhota. Yang'anitsitsani mizati yake: sinyamula kanthu, ankangoisema kuti nyumbayo ifanane ndi tchalitchi chomangidwa. N'zotheka kupeza mzati woduka pansi koma denga lili chiimire. M'zipinda zodyera, tebulo lalitali ndi mipando yake zinasemedwa m'thanthwe lomwelo.

Musadutse Tokalı Kilise. Ndicho tchalitchi chachikulu koposa pamalopa, koma popeza chili kunja kwa chipata cholowera kumalo oonetsera alendo matchalitchiwa (Göreme Open-Air Museum), kutsidya kwa msewu, ambiri amachiphonya. Makoma ake ali ndi mbiri ya moyo wa Yesu yojambulidwa pa utoto wabuluu wakuya.

Karanlık Kilise, tchalitchi cha mdima, amalipiritsa padera, ndipo ndalamayo siipita pachabe. Kuwala kumalowa pa kazenera kakang'ono, choncho dzuwa silinafufutitse utoto. Kwa zaka zambiri, mpaka m'ma 1950, munali khola la nkhunda, pakuti alimi a kuderali ankatolera zitosi n'kukathira m'minda ya mpesa. Akatswiri atayeretsa makomawo, mitundu inatuluka yowala ngati yapakidwa dzana.

Chomwe chimandipweteka mtima ndi zomwe manja a anthu achita. Nkhope zambiri za oyera mtima zinakolowoledwa maso, ndipo ena analemba mayina awo pazojambulazo. Ngakhale mlendo wopanda cholinga choipa amawononga. Thanthwe ili limamwa chinyezi, ndiye gulu likadzaza m'kachipinda, mpweya wopuma umanyowetsa pulasitala, kenaka utoto umayamba kusupuka. Chala chimasiya mafuta pakhoma, chikwama cha kumsana chimakhula khomo lopapatiza. Mlonda akakuletsani kujambula m'kati kapena akakufulumizitsani kutuluka, musamuone ngati wankhanza. Amene anafikako ku Chongoni ku Dedza akudziwa kuti chojambula cha pamwala chikafufutika sichibwerera.

Bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1985, koma kulembedwako sikuletsa kukokoloka. Ku Zelve, pafupi ndi Göreme, anthu ankagonabe m'mapanga mpaka 1952, pamene anasamutsidwa chifukwa matanthwe anayamba kugumuka. Mukapeza mpata kafikeni kumeneko, ndipo pomwe atchinga ndi chingwe musalumphepo.