Nyanda, mapadi ndi dzenje la chimbudzi

Kwathu kuno ku Mulanje ndi Thyolo, mtsikana akatha msinkhu anankungwi ankayamba ndi lamulo limodzi: nsalu yako asaione munthu. Nsaluyo ndi nyanda, imene mkazi amavala akakhala kumwezi. Dzinali ndi lakalekale, la nthawi imene makolo ankasula khungwa la mtengo mpaka lifewe n'kusanduka chovala. Nsalu za m'sitolo zitabwera khungwa linasiyidwa, koma dzina linatsala. Lero nyanda ndi kachidutswa ka chitenje chakutha, kopinda kangapo.

Kubisako kunali ndi chifukwa chake. Anthu ankakhulupirira kuti wa mtima woipa akatola nyanda yako akhoza kukuchita chipongwe, osadzaonanso mwana. Ndiye mayi akakhala kumwezi ankachapa mbandakucha ena asanadzuke, n'kuyanika m'nyumba, kuseri kwa chitseko kapena pansi pa mphasa. Amene anakhalapo kuno nyengo ya chiperoni akudziwa kuti nsalu yoyanika m'nyumba imatha masiku isanaume. Ambiri ankaivala ikadali yachinyezi, zotsatira zake kunyerenyetsa ndi kusupuka m'ntchafu. Nyanda ikatha ntchito ankaitentha kapena kuikwirira, nthaka n'kuidya.

Mapadi a m'golosale anabwera n'kupeza lamulo lija likadalipo. Mu 2022 boma linachotsako msonkho pa mapadi, ndipo anali maganizo abwino. Koma padi ili ndi pulasitiki, siwola. Kuitentha pamafunika moto waukulu, ndipo pamudzi pamene nyumba zili mothithikana aliyense afunsa kuti mukuwotcha chiyani. Mwana wa sukulu amene analangizidwa kuti magazi ake asaoneke aitaya kuti? Amaikulunga m'pepala, kuibisa m'thumba la yunifolomu, n'kukaiponya m'chimbudzi chokumba. Ine sindimuimba mlandu, wachita zimene tinamuphunzitsa.

Vuto ndi loti dzenje limadzaza msanga, ndipo kuno malo okumba lina ndi osowa. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene azungu anatenga nthaka yabwino n'kuyamba minda ya khofi kenako ya tiyi, anthu akhala akupanikizana pa timalo totsala. Banja la kamunda kamodzi silingamakumbe chimbudzi chatsopano chaka ndi chaka. Ganiziraninso mayi wothyola tiyi, dengu kumsana kuyambira m'mawa, madzi ndi chimbudzi zili kutali.

Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anaika zonsezi poyera. Zimbudzi zinagwa, anthu anathawira m'makalasi, amuna, akazi ndi ana pamalo amodzi. Amayi ena anang'amba chitenje chokhacho chimene anapulumuka nacho, koma poyanika panalibe.

N'chifukwa chake ndimawayamikira amayi a m'magulu a mother group amene akusoka mapadi ochapa m'sukulu zathu. Kwenikweni ndi nyanda yomwe ija, yosokedwa bwino ndi batani lomangira. Koma nayo imafuna sopo, madzi ndi dzuwa, ndipo m'makomo ambiri chingwe cha pabwalo sichinaloledwebe kuinyamula.