Sitika ya pakhomo la holo: mmene QR code imakhuthulira waleti ya crypto

Loweruka lina, nyengo imene mavenda amakhala atakoleka masikelo a soya ndi mtedza m'mbali mwa msewu, mlamu wanga anandikokera ku msonkhano wa achinyamata ochita malonda pa Mchinji boma. Iye amapikula nsapato ndi zikwama n'kumagulitsa pa boma ndi pa Kamwendo tsiku la msika, ndipo chiyambireni kusowa kwa ndalama zakunja anaphunzira kulipira omutumizira katundu ndi USDT, ndalama ya pa intaneti (crypto) imene mtengo wake umatsata dola ya ku America, yosungidwa m'pulogalamu ya pa foni yotchedwa waleti. Ankafuna ndikamve zomwe akuphunzitsa kumeneko, ndimuuze ngati zili zenizeni. Ntchito yanga ndi yoteteza makompyuta ndi maakaunti a makampani kwa akuba a pa intaneti, ndiye pachibale pathu chilichonse chokhudza foni chimagwera ine, ngakhale chaja ikapsa.

Pakhomo la holo anaimikapo chinsalu chosindikizidwa bwino, ndipo m'munsi mwake munali kabokosi kaja ka timadontho takuda ndi toyera, kotchedwa QR code. Pamwamba pa kabokosiko panalembedwa kuti sikanani apa mulembetse, mulandire 10 USDT yaulere. Anthu anafola ngati pogula feteleza wa makuponi. Ine ndinachedwa panja ndikuyankha foni, ndipo pofika pakhomo mzere unali utatha. Dzuwa linkawomba chinsalucho chammbali, ndiye ndinaona kuti mbali ya kabokosiko ikunyezimira mosiyana ndi kwina konse. Nditalowetsa chikhadabo pakona, inatukuka. Inali sitika. Pansi pake panali QR code ya eni msonkhano, yopita ku fomu wamba yolembapo dzina ndi nambala ya foni, yopanda lonjezo la ndalama iliyonse. Okonza msonkhano atayiona anangoti kakasi. Woimata palibe anamuona.

"Alamu, inetu ndasikana kale," anatero mlamu wanga, mawu ali pansipansi.

"Kusikanako si mlandu. Mutasikana munadina chiyani?"

Funso lenileni ndi limeneli, ndipo anthu ambiri amaliphonya. QR code si mfiti yoti ingalowe m'foni n'kutulutsa ndalama. Ndi malemba chabe, olembedwa mwa njira yoti kamera iwerenge msanga. Anaipanga mu 1994 ku Japan, pa kampani ya Denso Wave, motsogozedwa ndi Masahiro Hara, kuti azitsatira zipangizo za magalimoto m'fakitale. M'kabokosi kamodzi mutha kulowa zilembo ndi manambala oposa 4,000, koma nthawi zambiri mumangokhala linki kapena adiresi ya waleti. Vuto lake ndi limodzi: diso la munthu siliwerenga timadontho timeneto. Linki yolembedwa ndi zilembo mutha kuikayikira mukaona chilembo chosokonekera; QR code yabodza ndi yeniyeni zimafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Ngakhale chizindikiro cha kampani chili pakati pake sichitsimikiza kanthu. Anaipanga moti imawerengekabe ngakhale gawo lofika 30 peresenti litafufutika kapena kuphimbika, choncho aliyense atha kumatapo chizindikiro cha msika wa crypto wa Binance kapena cha waleti ya Trust Wallet pakati, n'kumagwirabe ntchito.

Kumata sitika pamwamba pa inzake si nzeru yachilendo. Kumayambiriro kwa 2022 mumzinda wa Austin ku Texas anapeza masitika abodza pa makina olipirira malo oimika magalimoto, ndipo mu January chaka chomwecho FBI, nthambi ya apolisi ofufuza milandu ku America, inachenjeza anthu za QR code zosinthidwa. Pa misonkhano ikuluikulu ya crypto nkhaniyi imavuta kwambiri, moti mu 2025 mkulu wa chitetezo ku msika wa crypto wa Kraken, Nick Percoco, anadandaula za mmene anthu amatayirira pa misonkhano yotere, kusikana chilichonse chomwe chamatidwa pakhoma. Kwa wakuba, holo ya msonkhano wa crypto ili ngati dziwe lophwa lodzaza milamba. Aliyense wolowa ali ndi waleti m'thumba, wabwera ndi mtima woyesa zatsopano, ndipo amakhulupirira kuti chopachikidwa m'holo chadutsa m'manja mwa okonza. Kwathu kuno tili ndi kachizolowezi kena kowonjezera: pa wekishopu timadziwa kuti wosalemba dzina pa pepala la obwera salandira alawansi, ndiye mawu oti "lembetsani" timawamvera tisanaganize.

Mukasikana, wakuba ali ndi njira zingapo. Yachikale kwambiri ndi yopempha mawu achinsinsi a waleti. Mukatsegula waleti ngati Trust Wallet, MetaMask kapena TronLink, imakupatsani mawu 12 kapena 24 a Chingerezi, otengedwa pa mndandanda wa mawu 2,048. Mawu amenewa si PIN. Ndiwo waleti yeniyeniyo. Amene ali nawo atha kuitsegula pa foni yake ali ku Lagos kapena ku Moscow, osafuna foni yanu, pasiwedi yanu ngakhale chala chanu. Tsamba labodza limati lowetsani mawu anu titsimikize waleti kuti mphatso ilowe. Palibe mphatso, kampani kapena wothandiza makasitomala amene amafunika mawu amenewa kuti akutumizireni ndalama. Wotumiza amangofuna adiresi basi. Mu 2025 ena omwe anagula zipangizo zosungira crypto za kampani ya Ledger analandira makalata apapepala kunyumba kwawo, okhala ndi QR code yowapititsa kotayipa mawu 24 aja. Akubawo ankanamizira kampaniyo, yomwe maadiresi a makasitomala ake ambiri anabedwa mu 2020. Tsiku la ku Mchinji lija mayi mmodzi anatayipa mawu ake 12. Pofika nthawi ya nkhomaliro waleti inali mbee.

Njira imene imagwira ngakhale anthu ochenjera ndi ina, ndipo ndi imene inakola mlamu wanga. Tsambalo silipempha mawu achinsinsi ayi. Limati "Connect wallet", inu n'kudina. Apa sipanawonongeke kanthu. Mwangoonetsa adiresi yanu ndi zomwe zilimo. Kenaka pamabwera kabokosi kena, kochokera m'waleti yanu yeniyeni, kofuna kuti mudine "Approve" kapena "Confirm". Munthu amaganiza kuti akuvomera kulandira. Chonsecho akusainira chilolezo.

Alimi a fodya amaidziwa sitopu oda. Mukasainira, wokongoza uja amadula zake pa ndalama za mabelo zisanakufikeni, osabweranso kudzakupemphani. Ndalama ngati USDT, pa netiweki ya Ethereum kapena ya Tron, zili ndi dongosolo lofanana nalo: mwini waleti atha kulola adiresi ina kuti izitapa ndalama zake mpaka mlingo wakuti. Dongosololi analiika ndi cholinga chabwino, kuti misika yosinthira crypto izitha kugwira ntchito. Koma mlingowo utha kukhala wopanda malire, ndipo chilolezocho sichitha chokha pakapita masiku. Ndi sitopu oda yosalemba kuchuluka kwa ngongole, yosalemba tsiku lothera, yoperekedwa kwa munthu amene simunamuonepo. Foni mutha kuizimitsa, pulogalamu mutha kuifufuta, pasiwedi mutha kusintha. Chilolezocho chili pa blockchain, kaundula wa pa intaneti momwe mumalembedwa zonse za crypto, osati m'foni mwanu. Pali mtundu winanso wotchedwa Permit, umene umangofuna siginecha, osakudulani ngakhale kandalama kolipirira netiweki, moti munthu saona chilichonse chosuntha n'kumati palibe chachitika.

Tinakhala pakhonde la holo, ine ndi mlamu wanga, n'kutsegula Tronscan, tsamba loonetsa zochitika pa netiweki ya Tron. Pa mndandanda wa zilolezo panali adiresi yachilendo, mlingo wopanda malire, nthawi yake m'mawa womwewo. M'waletimo munali 6 USDT yokha, ndipo inali isanakhudzidwe. Mlamu anapumira m'mwamba, amvekere, "Ndiye sanabetu." Ndinamufunsa kuti ndalama za katundu wotsatira alowetsa liti. Anati Lolemba, 380 USDT. Akuba ena amakokolola nthawi yomweyo. Ena amasiya pulogalamu ikulondera adiresiyo usana ndi usiku, kudikira kuti mulowe zonona. Amene amaberedwa patapita sabata ziwiri sakumbukiranso za sitika ya pa msonkhano, amayamba kukayikira mkazi wake kapena mnyamata wokonza mafoni.

Musaganize kuti womata sitika ndi katswiri wa makompyuta. Mapulogalamu okhuthula mawaleti, omwe amatchedwa drainer, amachita kubwereketsa ngati ngolo. Ina yotchuka inali Inferno Drainer, imene eni ake ankadula pafupifupi 20 peresenti ya zobedwa, zotsala n'kupita kwa wotchera msampha. Bungwe la Scam Sniffer, lomwe limatsatira umbava woterewu, linawerengera kuti mu 2024 mokha mapulogalamu otere anaba ndalama pafupifupi madola 494 miliyoni. Wotcherayo amangofunika foni, pulinta ndi pepala lomata, zomwe pa boma zimapezeka.

Zina n'zachidule. QR code itha kukupititsani kokatsitsa pulogalamu ya .apk yonamizira kukhala ya msonkhano, imene ikalowa mu Tecno kapena itel yanu imawerenga mameseji ndi zomwe mukutayipa. Itha kukhala tsamba lofanana ndi la Binance lofuna pasiwedi ndi nambala yotsimikizira. Itha kukhala yolumikiza WhatsApp kapena Telegram yanu ku kompyuta ya munthu wina, iye n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Kapena ingokhala adiresi ya wakuba m'malo mwa ya wogulitsa matikiti. Adiresi ya Tron imayamba ndi T ndipo ili ndi zilembo ndi manambala 34. Ya Ethereum imayamba ndi 0x, yonse 42. Palibe amaziloweza, n'chifukwa chake muyenera kufananiza ndi ya wolandirayo, poyambira, pakati ndi pothera, musanatumize.

Tonse tinazolowera uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba, ukalakwitsa pali koimba, pali ofesi, ndipo nthawi zina ukafulumira ndalama imagwidwa isanatapidwe. Waleti yosunga wekha ilibe ofesi. Zikatuluka, madzi atayika. Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka ya dziko lino, ndiye musayembekeze kuti banki ikubwezerani. Komabe kadandauleni ku polisi, ndipo MACRA idziwe; lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limakhudza milandu ya pa intaneti. Tengani adiresi ya wakubayo, nambala ya transaction ndi zithunzi za tsambalo. Kampani ya Tether, eni USDT, ili ndi mphamvu yoimitsa ndalama pa adiresi ndipo yakhala ikutero ikapemphedwa ndi apolisi a mayiko osiyanasiyana, ngakhale kunena zoona, pa ndalama zochepa mwayi ndi wochepanso. Chimene ndikukutsimikizirani ndi chakuti mukangolengeza pa Facebook kuti mwaberedwa, abwera ena ku inbox odzitcha akatswiri obweza crypto, ofuna kaye kangachepe. Amenewo ndi afisi obwera kudzatola mafupa.

Ine sindiuza anthu kuti asiye kupita ku misonkhano, kapena kuti aziopa kabokosi kalikonse. Ndimawauza zomwe ndimachita. Kumsonkhano ndimapita ndi waleti yachiwiri, ya mawu akeake achinsinsi, yokhala ndi ndalama yoti itatayika ndingodandaula tsiku limodzi. Wopita kumsika wa Kapiri satenga ndalama zonse za fodya m'thumba la malaya. Ndisanasikane ndimapapasa ndi chala. Ndikasikana ndimawerenga linki yomwe kamera yaonetsa ndisanaitsegule, makamaka mawu omwe ali pafupi ndi .com kapena .org, chifukwa dzina la kampani lili kumayambiriro kwa linki yaitali silitanthauza kanthu. Ndikakayika ndimafunsa okonza kuti atchule adiresi ya tsamba lawo pa maikolofoni, n'kuitayipa ndekha. Ndipo waleti ikandifunsa kuti ndisaine, ndimadzifunsa kuti ndikulandira kapena ndikupereka. Wolandira sasaina kanthu. Mphatso imene ikufuna "Approve" si mphatso, ndipo mukaona mawu oti "Unlimited" bwererani pomwepo. Kwa okonza misonkhano, pempho langa ndi laling'ono: lembani linki ndi zilembo pansi pa QR code iliyonse, ikani munthu pakhomo woti aziyang'ana chinsalu, ndipo nenani poyamba penipeni kuti palibe chaulere chomwe chikugawidwa kudzera m'waleti.

Ngati mwatayipa kale mawu achinsinsi, musataye nthawi ndi kusintha pasiwedi. Tsegulani waleti yatsopano ya mawu atsopano, samutsani chilichonse chotsala, yakaleyo muiwale. Ngati munangosainira chilolezo, chichotseni: pa Ethereum ndi maukonde ofanana nayo pali revoke.cash ndi tsamba la zilolezo la Etherscan, pa Tron pali Tronscan. Tayipani nokha maadiresi amenewa, popeza nawonso ali ndi owanamizira.

Kuchotsa chilolezo kumalipiritsa kandalama ka netiweki, ndipo apa m'pamene tinakakamira. Pa Tron amadula TRX, ndalama ya netiwekiyo, koma mlamu wanga analibe ngakhale imodzi. Anaimbira mnzake wa ku Chipata amene amagulitsana naye, ndipo tinadikira pafupifupi ola, netiweki ikubwera n'kumathawa, mkati m'holo wophunzitsa akupitiriza za ubwino wa blockchain. TRX italowa tinachotsa chilolezocho, koma ndinamuuza kuti atsegulebe waleti ina, chifukwa sankakumbukira bwino kuti anadina kangati. Mawu 12 atsopanowo analemba ndi bolopeni kuseri kwa kope lake la ngongole za makasitomala, ine n'kumulanda, kung'amba tsambalo, kumuuza akalisunge kunyumba komwe amasunga mapepala a malo. Ndalama za Lolemba zinalowa m'waleti yatsopanoyo, ndipo nsapato zinafika patatha masabata atatu.