Kompyuta ya ku internet cafe ndi yokwanira poyamba kulamula kabolodi

Makolo ambiri a kwathu kuno ku Johannesburg amandifunsa kuti agule laputopu yamtundu wanji kuti mwana ayambe kuphunzira kulemba mapulogalamu oyendetsa zipangizo. Ndimawauza kuti ndalamayo aisunge kaye. Chofunika ndi kabolodi kamodzi ka zamagetsi komwe mwana angakalembere pulogalamu, chingwe cha USB ndi kompyuta iliyonse yotsegula intaneti, ngakhale ya ku internet cafe ku Yeoville kapena ku Mayfair.

Pamtima pa kabolodiko pali microcontroller, kakompyuta komwe kakwana mu tchipi imodzi. Kalibe Windows, kamangotsatira pulogalamu imodzi usana ndi usiku. Tomweti ndi timene tili mu rimoti ya geti, mu mita ya magetsi ya prepaid ndi m'makina ochapira. Tchipi simva mawu omwe munthu walemba, imamva manambala okha, ndipo ntchito ya compiler ndi kusandutsa zolemba zanu kukhala manambalawo. Kale compiler inkayenera kuikidwa pakompyuta, zomwe mwini cafe sangakuloleni. Masiku ano ilipo yogwira ntchito mu browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti.

Kwa woyamba kumene ndimasankha micro:bit, kabolodi komwe BBC idagawa kwa ana asukulu ku Britain mu 2016. Kali ndi timagetsi 25 ta LED, mabatani awiri, A ndi B, ndi sensa yozindikira kugwedezeka. Kachiwiri kake, ka 2020, kalinso ndi maikolofoni ndi sipika. Mumatsegula MakeCode, tsamba la pa intaneti la Microsoft lolembera mapulogalamu, n'kumalumikiza mabuloko amitundumitundu, kapena kulemba JavaScript kapena Python. Pambali pa tsambalo pali chithunzi cha kabolodi chomwe chimachita zomwe mwalemba, choncho mwana angayesere asanagule kalikonse.

Mukadina Download mumalandira fayilo yothera ndi .hex. Lumikizani kabolodi, kadzaoneka pakompyuta ngati flash ya dzina loti MICROBIT. Kokerani fayiloyo mmenemo, kagetsi kachikasu kakumbuyo kadzaphethira, pulogalamu n'kuyamba. Fayiloyo ikasowa mu MICROBIT musade nkhawa, ndimo zimakhalira, yalowa mu tchipi. Koma mukapezamo FAIL.TXT, itseguleni, ikuuzani chomwe chavuta.

Pomwe ambiri amagwera mphwayi ndi pachingwe. Zingwe zambiri zotsika mtengo zapamsewu n'zotchajira foni basi, mulibe mawaya odutsa data. Kabolodi kamayaka bwinobwino koma kompyuta siikaona, mwana n'kumati kafa. Sinthani chingwe musanaganize zobweza kabolodi kusitolo.

Chomwe ndimaikondera MakeCode n'chakuti compiler yake imagwira ntchito mu browser momwemo, osati pa seva yakutali. Mukaitsegula kamodzi pakompyuta imapitiriza ngakhale intaneti itaduka, nkhani yabwino kwa ife owerengera data. Chinanso, fayilo ya .hex imasunga zomwe mudalemba. Mukaikokera mu MakeCode, ntchito yanu imatsegukanso. Choncho musachoke pa cafe musanaikopere pa flash yanu. Izi ndimazinena motsindika, chifukwa tsamba la pa intaneti lili ndi mwini wake, yemwe angalitseke. Mbed, ntchito ina ya pa intaneti yolembera mapulogalamu ya kampani ya Arm, idaphunzitsa anthu ambiri mwanjira yomweyi, koma mu 2024 Arm idalengeza kuti idzaitseka mu July 2026.

Arduino Uno, bolodi ina yophunzirira, nayonso ili ndi tsamba lake la pa intaneti lolembera mapulogalamu, koma nthawi zambiri imafuna kuti muike kapulogalamu kena pakompyuta kuti bolodi ilumikizike. Imeneyo ibwere mukakhala ndi makina anuanu.

Ntchito yoyamba ikhale yothandiza pakhomo. Abale ogwira ntchito m'magadeni angalumikize sensa ya chinyezi pa mapini (malo olumikizira mawaya m'munsi mwa kabolodi) olembedwa 0, 3V ndi GND, kuti timagetsi tiyake dothi likauma. Mabatire awiri a AAA ndi okwanira kuyendetsa zonsezi. Chokhacho, kabolodi kamagwira ndi mavoti atatu basi. Magetsi a 230 V a m'soketi asayandikire mapini ake, ndipo zoyatsa pampu kapena getsi la m'nyumba muzichita pamodzi ndi katswiri wa zamagetsi.