Mwana akamasewera phada, masamu ayamba kale

Pamisonkhano ya makolo m'sukulu za m'chigwa cha Shire, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, pali dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri pantchito yanga yolangiza aphunzitsi a makalasi oyambirira. Kholo limaimirira n'kunena kuti mwana wake wa Sitandade 1 wabwerako kusukulu manja ali matope okhaokha, kope lili loyera, ndipo pomufunsa zimene waphunzira wayankha kuti amaumba ng'ombe ndi kusewera phada. Dandauloli ndimalimvetsa, chifukwa munthu amene wagulitsa thonje kapena mbuzi kuti agule yunifomu ndi makope amafuna kuona zolemba. Komabe mphunzitsi woteroyo, ngati akuchita zimenezi mozindikira, ali panjira yoyenera.

Mwana wa zaka 6 angathe kuloweza manambala kuyambira 1 mpaka 20 n'kumawatchula osaphonya, koma mukamuuza kuti akupatseni miyala isanu ndi iwiri, amangotapa yodzaza dzanja. Ameneyo wagwira nyimbo ya manambala yokha. Sanazindikire kuti nambala iliyonse imene watchula iyenera kugwera pamwala umodzi, ndiponso kuti nambala yomaliza ndiyo ikunena kuchuluka kwa miyala yonse. Nzeru imeneyi imavuta kulowa pongoyang'ana pabolodi, koma imalowa msanga ikadzera m'zala. Paphada mwana amaponya mwala m'mwamba, n'kutulutsa miyala m'kadzenje, kenaka n'kuibwezera koma kusiyako umodzi, ndipo masewera akamapitirira amasiya iwiri, kenaka itatu. Akasiya yoposa, anzake amamutsutsa nthawi yomweyo, motero amawerenga mosamala kuposa mmene angachitire pofuna kukondweretsa aphunzitsi. Kuchotsera kumene adzakumane nako m'buku wayamba kale kukuchita ndi dzanja lake. Bawo nayo, ndi maenje ake 32 m'mizere inayi, imamuzoloweretsa kuika njere imodzi m'dzenje limodzi ndi kuganizira pasadakhale pamene njere yomaliza ikagwere.

Pano ndiyenera kunena mosabisa kuti kuphunzira kudzera m'masewera sikutanthauza kutulutsa ana panja, mphunzitsi n'kukakhala pamthunzi kudikira belu. Kumeneko n'kutaya nthawi, ndipo makolo akadandaula za zotero salakwa. Mphunzitsi amayenera kudziwiratu chimene akufuna kuti ana atolemo tsikulo, n'kukhala nawo pansi pomwepo, kumaonetsetsa ndi kufunsa kuti, "Yatsala ingati m'dzenjemo? Nanga mnzakoyu akatengapo iwiri?" Akayankha, awauze ajambule miyalayo pamchenga, ndipo pambuyo pake alembe nambala yake pambali. Chogwirika chimayamba, chojambula chimatsatira, chizindikiro cholembedwa chimabwera pomaliza. Kope limadzadzabe ndithu, koma limadzaza ndi zinthu zimene mwana akuzimvetsa. Ngakhale kuumba ng'ombe zadongo kuli ndi ntchito yake, popeza kumalimbitsa zala zomwe zija zimene zimagwira pensulo.

Maganizo amenewa si atsopano. Friedrich Froebel wa ku Germany, amene adayambitsa dzina lakuti kindergarten la sukulu za mkombaphala mu 1840, adaika masewera, nyimbo ndi kadimba pakati pa maphunziro a ana, ndipo Maria Montessori atatsegula sukulu yake yoyamba ku Rome mu 1907 adapatsa ana zipangizo zoti azigwira okha. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, pandime 31, limati kusewera ndi ufulu wa mwana. Koma agogo athu sadadikire mapangano kuti alole ana kupita kumasanje.

Kuno kuchigwa masanje ali ndi phindu lina limene ndimafuna kuti aphunzitsi aliganizire mofatsa. Ana ambiri, makamaka ku Nsanje, amafika kusukulu akulankhula Chisena, pamene phunziro likuchitika m'Chichewa. Mwana wotere amakhala duu m'kalasi, ndipo n'kosavuta kumuyesa wosamva zinthu. Mukawakonzera msika wamasanje, wina agulitse nsomba zamasamba, wina malambe, zitsekerero za mabotolo zikhale ndalama, mwana yemwe uja amayamba kunenerera mtengo ndi mawu okweza. Apo mphunzitsi amamva zimene mwanayo akudziwa, ndipo amabwereza mawu ake m'Chichewa popanda kumuseka kapena kumuletsa chilankhulo cha kwawo. Umo ndimo mawu atsopano amakhazikikira, chifukwa mwana wawafuna yekha kuti malonda ake ayende. Nthano ndi ndagi zimagwira ntchito yomweyo, ndipo kuomba m'manja potchula ma-la-mbe kapena bwe-mba kumakonzekeretsa khutu kumva maphatikizo, amene ndiwo maziko a ndondomeko yophunzitsa kuwerenga imene boma lidakhazikitsa mu 2016.

Zovuta zilipo, ndipo sindikuzichepetsa. Chiyambire maphunziro aulere apulayimale mu 1994, makalasi oyambirira amadzaza kwambiri, mwakuti mphunzitsi mmodzi kukhala ndi ana opitirira 100 si chachilendo. Chimene ndaona chikuthandiza ndicho kugawa ana m'magulu ang'onoang'ono, gulu lililonse ndi mulu wake wa zowerengera, ndi kuchita masewera othamanga m'mamawa dzuwa la kuno lisanafike poopsa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Zipangizo sizifuna ndalama: njere za bwemba, zitsononkho, timabango ndi dongo la kudambo, zonse zimene aphunzitsi amazitcha TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera. Kwa ana a kusukulu za mkombaphala alezi asankhe zinthu zokulirapo, chifukwa kanjere kakang'ono sikachedwa kulowa m'mphuno kapena m'khutu.

Madzi osefukira nawo amatiphunzitsa kanthu. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, sukulu zambiri zidasanduka misasa ya anthu othawa madzi, mabuku adaonongeka, ndipo ana adabwerera m'kalasi ali ndi mantha amene sakanatha kuwafotokoza. Ana amene aona zotero amakonda kuumba nyumba n'kuigwetsa, kapena kuseweretsa bwato lopulumutsa anthu mobwerezabwereza. Mphunzitsi asawaletse poganiza kuti akudzikumbutsa zowawa, chifukwa imeneyo ndiyo njira imene mwana amanenera zimene zili mumtima mwake, ndipo mtima ukakhala pansi m'pamene amatha kumvetsera phunziro.

Kholo limene likukayikabe lingathe kudziyesera lokha madzulo pakhonde. Tengani njere zodzaza dzanja, muuzeni mwana akupatseni zisanu ndi ziwiri, kenaka zimwazeni motalikirana n'kumufunsa ngati zachuluka kapena zikadali zomwe zija. Akati zachuluka musamukalipire, pakuti ana ambiri a msinkhu umenewu amayamba aweruza ndi maso. Muloleni aziwerengenso akuzigwira imodziimodzi, ndipo mawa lake mubwerezenso ndi zitsononkho.